Mpando Wopanda Munthu



Bambo akamapita ku opaleshoni ya khansa ya prostate, mpingo wonse umagwada pansi. Akabwerako amoyo timayamika, timakawazonda, kenaka timayesa kuti nkhani yatha. Koma masabata amapita, mpando wawo m'tchalitchi uli wopanda munthu. Tikafunsa, mayi a kunyumba amangoti, "Akupezako bwino." Kawirikawiri chowatsekera m'nyumba si ululu ayi, koma manyazi: mkodzo ukutuluka wokha, ndipo mphamvu za kuchipinda zazilala. Mutikhululukire, lero tilankhula mosabisa mawu.

Prostate ndi kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo. Madokotala akakachotsa amalumikizanso njirayo, ndipo wodwala amakhala ndi kapaipi ka mkodzo sabata imodzi kapena awiri. Kapaipiko kakachoka, minofu yotseka mkodzo imakhala yofooka. Munthu akatsokomola, akaseka kapena akanyamula thumba la chimanga, mkodzo umadontha. Si tchimo, si ufiti. Ambiri amayamba kusintha pa miyezi 3 yoyambirira, ndipo pofika chaka ochuluka amakhala atachira kapena akungodontha pang'ono.

Minofu imeneyi imalimba ikamagwiritsidwa ntchito. Kapaipi kakachoka, finyani minofu ija mumagwira nayo mkodzo kapena mpweya woipa, werengani mpaka 5, masulani, ndipo bwerezani ka 10, katatu pa tsiku. Musaleke kumwa madzi, koma chepetsani tiyi ndi khofi. Kuvala thewera la akuluakulu pa nyengoyi sikuchotsa ulemu wa munthu. Chaka chikatha vuto likadalipo, bwererani kuchipatala, pakuti chithandizo china chilipo.

Nkhani ya kuchipinda imachedwa koposa. Minyewa yodzutsa thupi la mwamuna imadutsa m'mbali zonse ziwiri za prostate. Mu 1982 dokotala Patrick Walsh wa ku Johns Hopkins ku America anayamba njira yochotsa kachiwaloka mosadula minyewayo. Komabe ngakhale itasungidwa imakhala yovulala, ndipo kuchira kwake kungatenge chaka mpaka zaka 2. Zimadaliranso msinkhu wa munthu, matenda a shuga, ndi mphamvu zimene anali nazo kale. Ena sabwerera mwakale, makamaka ngati khansa inakakamiza dokotala kudula minyewayo. Umuna sutulukanso ndipo bambo sangaperekenso pathupi, koma chisangalalo cha m'banja chingathe kukhalapobe.

Mankhwala monga sildenafil, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Viagra, amathandiza ena. Koma ayenera kulembedwa ndi dokotala, chifukwa kwa amene akumwa mankhwala ena a mtima otchedwa nitrates angathe kugwetsa kuthamanga kwa magazi mpaka kupha. Gondolosi ndi mapiritsi a pamsika salumikiza minyewa yovulala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: abambo, muuzeni dokotala vuto lanu mosazungulira, ndipo musaphonye masiku oyezetsa magazi a PSA, oonetsa ngati khansa ikubwerera.

Inu amayi, amuna anu akamagona moyang'ana kukhoma musafulumire kuganiza kuti apeza wina. Ali ndi mantha olephera pamaso panu. Dziwaninso kuti khansa imeneyi sipatsirana pokhala malo amodzi. Lonjezo lija munapanga pa tsiku la ukwati, lokhala pamodzi pa mtendere ndi pa mavuto, nthawi yake ndi ino. Kambiranani awiri, pitani limodzi kuchipatala, ndipo za kuchipinda kwanu zisamveke kuchitsime kapena kuchigayo.

Nafenso a mpingo tili ndi mbali yathu. Akulu a mpingo akazonde abambo otere mwachinsinsi, mwamuna kwa mwamuna mnzake. Tiwasungire malo pafupi ndi khomo, ndipo akatuluka pakati pa ulaliki tisawatsatire ndi maso. Nthabwala zonyoza mwamuna wofooka zileke pakati pathu. Bishopu wamkulu Desmond Tutu wa ku South Africa anapezeka ndi khansa yomweyi mu 1997, analankhula za iyo poyera, natumikirabe mpaka anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 90.

Tsono abambo athu, mpando wanu ukukudikirani. Lamulungu likubwerali valani chodzitetezera, tengani Baibulo lanu, mubwere tidzapembedze limodzi.

Ambuye akhale nanu nonse.