Kanema kapena chikalata: amisiri a mapulogalamu tiwauze bwanji zomwe tikufuna?

M'mwezi wa Okutobala 2023, kampani ya Atlassian ya ku Australia idalengeza kuti ikugula Loom pa mtengo wa madola a ku America pafupifupi 975 miliyoni. Atlassian ndiye mwini Jira, pulogalamu yomwe makampani ochuluka amalembamo ntchito zoti amisiri a mapulogalamu a kompyuta agwire. Ntchito ya Loom n'njophweka: munthu amajambula zomwe zikuoneka pa kompyuta yake uku akulankhula, n'kutumiza kanemayo kwa anzake. Kampani yolemera ndi zolembalemba ikakhuthula chuma chotere pogula njira yojambulira kanema, ndiye kuti yaona kuti mawu olembedwa paokha sakukwanira.

Vuto lagona pa chiyambi penipeni pa ntchito. Pulogalamu isadapangidwe, wofuna ntchitoyo, kaya ndi banki, chipatala kapena unduna, amayenera kufotokoza zomwe pulogalamuyo izichita. Mwambo wa kale ndi wolemba chikalata chachitali, mbali zonse ziwiri n'kusayinirana. Koma amene amadziwa bwino ntchito, monga kalaliki kapena namwino, kawirikawiri sindiye amalemba chikalatacho, ndipo zambiri zomwe amachita adazizolowera mwakuti sakumbukira n'kuzitchula komwe.

Chitsanzo chodziwika n'cha bungwe la apolisi ofufuza milandu ku America la FBI. Pulogalamu yake yosungira mafayilo a milandu, Virtual Case File, idali ndi chikalata cha zofunikira cha masamba oposa 800. Ngakhale zidali choncho, FBI idaitaya mu 2005 itaonongerapo madola pafupifupi 170 miliyoni. Zifukwa zidali zingapo, koma chimodzi chachikulu chidali chakuti zofunikirazo zidali zosamveka bwino ndipo zinkasinthasintha ntchito ili m'kati. Kuchuluka kwa masamba sikudabweretse kumvana.

Maganizo ogwiritsa ntchito kanema si a lero ayi. Mu 1987 kampani ya Apple idatulutsa kanema wa Knowledge Navigator, woonetsa mphunzitsi wa pa yunivesite akucheza ndi kompyuta yopindika ngati buku pokonzekera phunziro. Sun Microsystems nayo idachita chimodzimodzi mu 1994 ndi kanema wa Starfire. Mu 2008 Drew Houston, mmodzi mwa oyambitsa Dropbox, adaika pa intaneti kanema wamfupi woonetsa momwe pulogalamu yake izigwirira ntchito, ndipo anthu olembetsa kuti aiyese adachoka pa 5,000 kufika pa 75,000 usiku umodzi. Kanemayo adayankha funso lomwe chikalata sichikadatha kuyankha: kodi anthu akuchifunadi chinthuchi?

Ku Germany nkhaniyi idalowa m'kafukufuku. Mu 2006 Oliver Creighton, Martin Ott ndi Bernd Bruegge adafotokoza njira yotchedwa Software Cinema, yojambula anthu akugwiritsa ntchito chipangizo chomwe sichidapangidwe, kenaka n'kulumikiza zigawo za kanemayo ndi mapulani a amisiri. Ku yunivesite ya Leibniz mumzinda wa Hannover, Kurt Schneider ndi Oliver Karras akhala akufufuza za makanema oonetsa masomphenya a pulogalamu. Mfundo yawo ndi yakuti kanema wotere safunika kampani yojambula mafilimu. Amisiri eni ake atha kumujambula ndi zipangizo wamba.

Mphamvu ya kanema ili pa kuonetsa zomwe anthu sanena. Chikalata chitha kungoti namwino azilemba kutentha kwa thupi la wodwala. Kanema amaonetsa kuti namwinoyo wavala magulovesi, dzanja limodzi lagwira mwana, panja pali mzere wautali, ndipo magetsi angothima kumene. Mmisiri woona zimenezi sangapange pulogalamu yofuna kulemba ziganizo zitalizitali. Komanso munthu wamba amaopa kutsutsa chikalata cha Chingerezi chozama, koma akaona kanema sachedwa kunena kuti ntchito siyenda chomwecho. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Komabe kanema ali ndi malire ake. Choyamba, zofunikira zina sizioneka ndi maso. Chitetezo cha ndalama za makasitomala, kuchuluka kwa anthu omwe pulogalamu ingatumikire nthawi imodzi, ndi zoyenera kuchitika netiweki ikaduka, zonsezi zimafuna manambala ndi mawu olembedwa. Chachiwiri, mfundo ikasintha, m'chikalata mumangokonza mzere umodzi, pomwe kanema amafunika kujambulanso. Ndipo kusaka mfundo imodzi m'makanema zana n'chintchito. Chachitatu, pakabuka mkangano wa kontrakiti, woweruza amafuna kuona zomwe mbali ziwiri zidasayinirana.

Choopsa koposa n'chakuti kanema amalonjeza mopyola muyeso. Zomwe Apple idaonetsa mu 1987 zidali kutali ndi luso la nthawiyo. Siri, yemwe amamva mawu a munthu, adafika pa iPhone mu 2011, patadutsa zaka 24. Lero chiopsezochi chakula chifukwa cha mapulogalamu opanga kanema kuchokera ku mawu olembedwa, monga Sora ya OpenAI ndi Veo ya Google, omwe adaonekera mu 2024. Wogulitsa atha kuonetsa kanema wokongola wa pulogalamu yomwe sadalembeko ngakhale mzere umodzi, akuluakulu ovomereza ndalama n'kutengeka nawo.

Kuno kwathu nkhaniyi ikutikhudza chifukwa mapulogalamu ambiri akuluakulu a boma ndi mabanki timagula ku makampani akunja, omwe amisiri awo sadaonepo ofesi ya kumudzi. Tili nalo phunziro lathulathu. Ntchito yomwe idabala bungwe la Baobab Health Trust idayambira pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe cha m'ma 2001, ndipo idasankha makina ongokhudza ndi chala, poona kuti ogwira ntchito ambiri sadazolowere kompyuta. Chisankho chotere chimabadwa mmisiri akaona yekha momwe ntchito imayendera. Pomwe mmisiri sangafike, kanema wa mphindi zitatu wojambulidwa pa foni, kalaliki akufotokoza m'Chichewa, atha kukhala maso ake. Chofunika n'kusamala: nkhope za odwala ndi mayina a makasitomala zisamaoneke, makamaka pano pomwe Malawi ali ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu.

Choncho, unduna kapena kampani yoitanitsa pulogalamu ingachite bwino kufuna zonse ziwiri. Kanema abwere poyamba, aonetsedwe kwa omwe adzagwiritse ntchito pulogalamuyo, iwo atsutse ndi kukonza. Akamvana, mfundo iliyonse ilembedwe m'chikalata, pamodzi ndi njira yoyesera ngati yakwaniritsidwa. Ndalama zisatuluke chifukwa cha kanema wa wogulitsa, koma pulogalamu yeniyeni ikagwira ntchito m'manja mwa kalaliki amene adajambulidwa uja.