Bwalo Loopa Amphamvu Silisunga Mtendere

Pali anthu amene amanena kuti bungwe la League of Nations lidalephera chifukwa lidalibe asilikali akeake. Maganizo otere ndi ophimba mlandu. Bungweli lidafa chifukwa maiko amphamvu ankasankha okha woti atetezedwe ndi woti atayidwe.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, maiko adakhazikitsa bungweli mu 1920, likulu lake ku Geneva. Pangano lidali lomveka: woputa dziko limodzi waputa onse. Nzeruyi si yachilendo kwa mlimi wa ku Chileka, pakuti makolo adanena kale kuti mnzako akapsa ndevu mzimire, maŵa adzazima zako.

Koma ndevu zitayamba kupsa, ozima adasoŵa. Mu 1931 dziko la Japan lidalanda Manchuria, bungwe nkungotumiza anthu okafufuza. Mu 1935, chaka chimene njanji yodzera pa Lirangwe idafika ku Salima, Mussolini wa ku Italy adathira nkhondo Ethiopia, dziko limene lidali membala wa bungweli. Maiko adaletsa malonda ena ndi Italy, koma mafuta oyendetsera ndege ndi akasinja sadaŵakhudze. Ngalande ya Suez, modzera zombo za asilikali a Mussolini, adaisiya yotsekula. Mu 1936 Mfumu Haile Selassie idakadandaula yokha ku Geneva za mpweya wa poizoni umene unkapha anthu ake. Pasadathe mwezi, ziletso zija adazichotsa.

Oikira kumbuyo Britain ndi France amati maikoŵa adali atatopa ndi nkhondo, ndiponso ankaopa kukankhira Mussolini kwa Hitler. Kutopa adatopadi. Nanga adapindulanji potaya Ethiopia? Nkhondo idabukabe mu 1939, ndipo mu 1940 Mussolini adailoŵa ali kumbali ya Hitler yemweyo.

Ngongoleyo idagwera ena. Anyamata a m'midzi ya Nyasaland, olembedwa m'gulu la King's African Rifles, adamenyana ndi asilikali a Italy ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940. Moto umene akuluakulu adakana kuzima ukali waung'ono, adakauzima ndi magazi ndi ana a amphaŵi amene sadaitanidwe ku Geneva.

Choncho wophunzira wa ku Lirangwe asayese kuti nkhaniyi njakutali. Malaŵi adaloŵa m'bungwe la United Nations mu 1964, ndipo chitetezo cha dziko laling'ono chimadalira malamulo omanga wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Bwalo limene limaweruza poyang'ana nkhope, anthu amalithaŵa nkukatola mikondo.