ZA MALONDA PAKHOMO: Kutsatsa malonda athu pa intaneti

Ulendo uno tikambirane za funso lomwe ambiri a ife ogulitsa usipa, mpunga, nsalu ndi zina zotero tili nalo masiku ano, lakuti kodi munthu wa bizinesi yaing'ono n'kofunika kuti akhale ndi tsamba lakelake pa intaneti? Yankho lathu ndi lakuti kwa ambiri a ife nthawi yake siinakwane, koma kudziwika pa lamya ya m'manja ndiye sitingakuzembe. Mbewa ya manyazi inafera ku una. Wogula mpunga wa ku Nkhotakota ali ku Lilongwe, ndipo mwana wathu amene ali ku Joni akufuna telala wodalirika wa ku Mangochi woti asokere amayi ake zovala za pa Idi. Anthu amenewa sangatipeze pakhonde, amatifunafuna pa lamya.

Poyambira pabwino ndi WhatsApp Business, imene inayamba m'chaka cha 2018 ndipo siilipiritsa, kupatula bandulo yomwe mumagula kale. Imasiyana ndi WhatsApp wamba chifukwa ili ndi malo olembapo dzina la bizinesi, komwe muli, nthawi yotsegula ndi yotseka, komanso mndandanda wa katundu wokhala ndi zithunzi ndi mitengo yake. Ngati mumatseka Lachisanu masana, lembani pomwepo kuti wogula asaganize kuti mwamunyalanyaza. Ndibwinonso kukhala ndi nambala ya malonda yosiyana ndi ya pabanja, kuti oda ya kasitomala isasokonekere pakati pa mauthenga a maliro ndi a ukwati. Kumbukiraninso kuti chithunzi choika pa Status chimachoka pakatha maola 24, choncho katundu amene mumakhala naye nthawi zonse aikidwe pa mndandanda uja.

Nkhani yaikulu yagona pa zithunzi. Jambulani katundu wanu weniweni, panja, m'mawa dzuwa lisanakwere, pa mkeka kapena nsalu yoyera bwino. Pukutani kaye galasi la kamera. Musatenge chithunzi cha diresi la ku Dubai n'kumati ndimasoka ndine, kapena kujambula usipa wa pamwamba pa chidebe pomwe pansi pali wofumbwa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wogula akapusitsidwa kamodzi amatumiza dandaulo lake ku magulu onse a WhatsApp omwe alimo tsiku lomwelo. Ngati katundu ali ndi chilema, chinenedwe poyera ndipo mtengo utsike. Zithunzi za ana athu zisalowe m'malonda, ndipo mayi amene mwamusokera chovala musamuike pa intaneti asanavomere yekha.

Chachiwiri ndi mtengo. Ambiri timakonda kulemba kuti wofuna mtengo aimbe lamya, koma wogula wa kutali safuna kuwononga mayunitsi pa chinthu chomwe mwina sangachikwanitse. Lembani mtengo ndi muyezo wake, kaya ndi chidebe cha malita 5, kaya ndi thumba la makilogalamu 50, ndipo nenani amene alipire mayendedwe. Muikenso tsiku, chifukwa chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 taona kuti mtengo wa mwezi uno sukhala wa mwezi wa mawa. Mtengo wakale wosafufutidwa umabala mkangano.

Amene ali ndi malo ogona alendo, malo odyera, kapena boti lonyamula alendo ku Cape Maclear, Monkey Bay ndi Senga Bay, asaiwale kulembetsa malo awo pa Google Maps kudzera mu Google Business Profile, nakonso nkwaulere. Mlendo akafika m'dera lachilendo amayang'ana pa mapu a m'lamya yake, ndipo amawerenga zomwe alendo anzake analemba za malo anu. Wina akalemba zodandaula, muyankheni mofatsa ndi mwaulemu, pakuti yankho lanulo adzaliwerenga ndi anthu ena ambiri.

Tsono nanga tsamba lakelake la pa intaneti? Limeneli limapindulira amene makasitomala ake ndi alendo ochokera kunja, makampani kapena mabungwe ofuna kuona kuti bizinesi ndi yokhazikika. Ngati mwafika pamenepo, safunsa anadya phula. Dzina la tsambalo, kaya lothera ndi .mw kaya .com, limachita kubwerekedwa ndipo limalipiridwa chaka ndi chaka, chimodzimodzinso malo osungirako tsambalo. Mukaleka kulipira tsamba limazima, ndipo dzina lija wina akhoza kulitenga. Choncho uzani wokupangirani tsamba kuti alembetse dzinalo m'dzina lanu, osati lake, ndipo akupatseni mawu achinsinsi olowera. Mukadzasemphana naye, tsamba lidzatsale m'manja mwanu. Mgwirizano wanu ulembedwe pa pepala, mboni zilipo.

Tsamba labwino silifuna zokometsera zambiri. Munthu akangolitsegula aone zomwe mumagulitsa, mtengo, komwe muli ndi nambala yoimbira. Musanamalize kulipira, litseguleni pa lamya wamba muli kumudzi komwe netiweki imavuta. Likamachedwa kutseguka ndiye kuti zithunzi zalemera, ndipo wogula sadikira pomwe bandulo yake ikutha.

Pomaliza tichenjezane za akuba, poti walira mvula walira matope. Nambala yanu ikadziwika, adzabwera ena otumiza uthenga wabodza wooneka ngati wa Airtel Money kapena Mpamba, wonena kuti ndalama zalowa. Musakweze katundu pa basi chifukwa cha uthenga kapena chithunzi cha risiti. Onani nokha ndalama zomwe zili mu akaunti yanu poimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM. Wina akati watumiza ndalama molakwitsa ndipo mumubwezere, muuzeni akadandaule ku kampani ya lamyayo. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale wonena kuti ndi wa ku ofesi. Chimodzimodzinso manambala 6 omwe WhatsApp imatumiza pa lamya yanu: mukawapereka, wakuba amalanda akaunti yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa makasitomala ndi abale anu m'dzina lanu.

Achinyamata a pakhomo amene amadziwa bwino za lamya athandize makolo kujambula ndi kulemba, koma mwini malonda ndiye asunge mawu achinsinsi ndi kuona ndalama zolowa. Yambani ndi katundu musanu yekha, mumujambule bwino, mulembe mitengo yoona, ndipo muziyankha wofunsa aliyense tsiku lomwelo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. M'kope likudzali tidzakambirana za kalembedwe ka buku la ngongole. Tsalani bwino.