Mwini Wake Akali Moyo, Mumvereni

Pabwalo la mfumu, mlandu saugamula mwini wake asanalankhulepo. Nanga bwanji anthu ophunzira amaiwala mwambo umenewu polemba mbiri ya munthu wamoyo?

M'chaka cha 2012, mlembi wa ku America, Philip Roth, adapeza cholakwa mu Wikipedia, nkhokwe ya nzeru ya pa intaneti imene anthu ambirimbiri amalemba mothandizana. Mudalembedwa kuti buku lake, The Human Stain, adalitengera pa moyo wa Anatole Broyard. Roth adakana, nati gwero lake ndi tsoka limene lidagwera bwenzi lake, Melvin Tumin, mphunzitsi wa ku Princeton. Akonzi adayankha kuti mawu a mwini wake sakwanira, pafunika umboni wosindikizidwa kwina. Tsono iye adalemba kalata m'magazini ya The New Yorker, ndipo pamenepo mpamene adamumvera.

Ife tikuti apa padalakwika. Mawu adali omwewo, munthu yemweyo. Chatsopano chidali pepala lokha. Tikuvomera kuti munthu angathe kudzikometsera mbiri, ndipo akonzi ayenera kuchenjera. Koma zimene zidali mumtima mwa Roth polemba buku lake, wina akadazidziwa ndani? Mutu umodzi susenza denga, inde, koma ngakhale mitu chikwi singadziwe maloto a munthu mmodzi.

Roth adali wotchuka, magazini idamutsegulira chitseko. Nanga mlembi wosatchuka, amene ana ake akuwerenga mbiri yake yopotozedwa, akadandaule kuti? Inu akonzi, mwini wake akali moyo, mumvereni.