ZA LUSO LA MANJA: Zimene sitampa ingaphunzitse ojambula zikuto za katundu

Munthu wofuna kudziwa zimene mzinda wa Lusaka umadya ndi kumwa, apite ku Chunga, kumene kuli dzala lalikulu la zinyalala za mzindawu. Tsiku ndi tsiku malole amatula kumeneko zocokera ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ku Chelstone ndi ku Kabwata, ndi za m'masitolo a mu Cairo Road: masaka a ufa, makatoni a Chibuku, mabotolo, zitini ndi timapepala ta masiwiti. Ciliconse mwa zinthu zimenezi cili ndi cithunzi kapena zilembo pamwamba pace, ndipo cithunzi ciliconse cinayamba ndi munthu amene anakhala pansi nalingalira za cimene cingakope maso a wogula. Anthu amene amatola mapulasitiki pa dzalalo kuti akagulitse amaona nchito ya ojambula ambiri koposa amene amapita ku zionetsero za zithunzi.

Woyang'anitsitsa zikuto zimenezi adzaona kuti zambiri za izo sizinena kanthu za dziko lino. Zina ndi za katundu wocokera kunja, ndipo palibe mlandu. Koma ngakhale zina za katundu wopangidwa muno zili ndi nkhope, zipatso ndi nyumba zimene mwana wa ku Chunga sanazionepo, ndi mitundu yambirimbiri yopikisana pa malo amodzi. Nkoyenera tsono kukumbukira mai wina amene anathera zaka zambiri akujambula Zambia pa kapepala kocepa koposa bokosi la macesi.

Mai Gabriel Ellison anabadwira mu Lusaka m'caka ca 1930, pamene likulu la dziko linali likali ku Livingstone, ndipo anamwalira m'caka ca 2017. Anatsogolera cigawo ca zojambula ndi zionetsero mu dipatimenti ya Boma yofalitsa nkhani. Ndiwo anajambula mbendera imene inakwezedwa pa 24 October, 1964, ndiponso masitampa ambiri a dziko lino kuyambira m'zaka za m'ma 1960 kufikira za m'ma 1980. Sitampa ndi mbale wace wa cikuto ca katundu. Zonse ziwiri zili ndi malo ocepa, zimasindikizidwa zikwizikwi, ndipo ziyenera kulankhula ndi munthu amene ali ndi cangu, amene sanabwere kudzaona zithunzi.

Cinthu coyamba m'kajambulidwe ka Mai Ellison ndico kusankha cinthu cimodzi ndi kucipatsa malo. Mbendera ndi umboni wace. Mbali yaikulu ya nsaluyo ndi yobiriwira cabe, kuimira zomera ndi cuma ca m'nthaka. Mizere itatu, wofiira wa nkhondo ya ufulu, wakuda wa anthu a dziko, ndi wa mtundu wa mkuwa wa cuma ca m'migodi, inasonkhanitsidwa pa ngondya imodzi, ndipo pamwamba pace pali nkhwazi imodzi yotambasula mapiko. Mbendera zambiri zimaika cizindikiro pakati kapena pafupi ndi mtengo. Iyi inasiya malo amenewo opanda kanthu, ndipo mwa ici imazindikirika patali pakati pa mbendera zina. Pa cizindikiro ca Northern Rhodesia nkhwazi inali itagwira nsomba m'zikhadabo zace. Pa mbendera ya Zambia nsombayo palibe, yatsala mbalame yokha.

Caciwiri ndico kumene anali kutenga zojambula zao. Pa masitampa oyamba a dziko laufulu, a m'caka ca 1964, panali mlimi wa cimanga, wothyola thonje, ng'ombe ya Angoni, asodzi a ku Mpulungu, wovina Nyau ndi wovina Makishi. Pa masitampa a m'caka ca 1981 panaoneka wosula zitsulo, woumba mbiya, wofolera nyumba, ndi mai wosinja cimanga mu mtondo. Izi ndi nchito zimene anthu ambiri a m'tauni anali atayamba kuziyesa zacikale ndi zosayenera kuonetsa alendo. Iwo anaziona kuti ndizo nkhope yeniyeni ya dziko, naziika pa makalata opita ku London ndi ku Johannesburg. Anajambulanso mbalame, nyama ndi maluwa a m'thengo la kuno mosamala, kotero kuti wodziwa mbalame angachule dzina la iliyonse. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa: wojambula amene sanaime pafupi ndi mtondo sangadziwe kumene msana wa wosinja umapindikira.

Cacitatu ndico kudziwa nchito ya wosindikiza. Cithunzi ca sitampa cimajambulidwa cacikulu, ndipo pambuyo pace cimacepetsedwa pa makina. Mizere yopyapyala imasowa, ndipo mitundu yofanana imasanganikirana. Wojambula ayenera kuganiziratu za zimenezi, kusiya malo a dzina la dziko ndi a mtengo wa sitampayo, ndi kucotsa ciliconse cimene sicidzaoneka. Lamulo lomweli ligwira pa saka la ufa la makilogalamu 25, limene limasindikizidwa ndi mitundu yocepa pa nsalu yolukidwa ya pulasitiki, ndipo liyenera kuzindikirika lili pa mulu, m'kantemba ka mdima, kapena pa wilibala.

Nkhani imeneyi ikhudza wogula aliyense. Gogo amene sadziwa kuwerenga Cingelezi akatuma mdzukulu ku msika, sachula dzina la kampani; amanena mtundu wa paketi ndi cithunzi cimene cili pamenepo. Kwa iye cithunzico ndico dzina la katunduyo. Cifukwa cace wojambula ali ndi udindo wa kunena zoona. Kujambula malalanje okhwima pa botolo la madzi a shuga, kapena kutengera maonekedwe a paketi ya kampani ina kuti wogula asokonezeke, ndiko kucita cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Zitsanzo zabwino zilipo kale m'masitolo. Botolo la Mosi linatenga dzina lace ndi cithunzi cace ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo katoni ya Chibuku imadziwika ndi aliyense, ngakhale amene samwa.

Udindo wina ndi wa kumene cikuto cimathera. Sitampa imasungidwa m'mabuku ndi okonda masitampa, koma paketi imatayidwa tsiku lomwelo. M'caka ca 2018 Boma linaika lamulo, Statutory Instrument 65, loletsa timatumba ta pulasitiki topyapyala kwambiri ndi kupatsa opanga katundu udindo pa zinyalala za katundu wao. Wojambula amene afunsidwa kukonza cikuto ayenera tsopano kufunsanso kuti cidzapangidwa ndi ciani, ndipo ngati wotola wa ku Chunga adzapezapo cogulitsa kapena cidzangotseka ngalande nthawi ya dzinja.

Acinyamata amene akuphunzira zojambula pa Evelyn Hone College ali ndi makompyuta amene Mai Ellison analibe pamene anali kujambula mbendera, ndipo pa intaneti angapeze zithunzi za dziko lililonse m'kamphindi. Koma zimene makampani a muno asowa zili pafupi: osema ziboliboli pa Kabwata Cultural Village, zithunzi za pa Henry Tayali Visual Arts Centre ku Showgrounds, ndi buku la Art in Zambia limene Mai Ellison analemba, losindikizidwa m'caka ca 2004. Eni makampani naonso acite mbali yao, pakupatsa ojambula a kuno nchito ndi malipiro oyenera, m'malo moitanitsa zikuto zojambulidwa kale kunja.