MFUTI M'NKHALANGO YA BOMA

Pali mau amene tiwamva kawiri kawiri kuno ku Utale, makamaka pamowa: "Mfuti njanga, kalata yace ndiri nayo, nanga adzandiletsa ndani kulowa nayo m'nkhalango ya Liwonde?" Ife tikana mau amenewa, ndipo tiwakana poyera, cinkana tidziwa kuti ena owanena ndiwo abale athu, odya nafe mbale imodzi.

Tiyambe ndi kalatayo. Lamulo la mfuti la caka ca 1967 liti munthu asasunge mfuti wopanda cilolezo ca kupolisi. Cilolezo cimeneco cikulola iwe kukhala nayo mfuti. Sicikutsegulira khomo liri lonse ai. Kodi mwini nkhwangwa amuka kukadula mitengo ya kumanda, nati, nkhwangwa njanga? Nkhalango ya Liwonde inapatulidwa ndi Boma caka ca 1973, ndipo iri nalo lamulo lina, la nyama za m'thengo, la 1992, loletsa munthu kulowamo ndi cida, kapena msampha, kapena mankhwala akupha, asanalandire cilolezo kwa eni nchitoyo. Caka ca 2017 aphungu analikhwimitsa, kotero kuti wakupha njobvu kapena cipembere akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 30. Mwana amene umsiya alikukwawa udzampeza ali ndi ana ace. Za iye wosula gogodera wace kuseri kwa nyumba sitinena kanthu, pakuti alibe ndi kalata yomwe yakunamizira.

Ena ati, "Makolo athu anasaka m'menemo Boma lisanadze." Nzoona. Koma iwo anatuluka uzimba ndi mauta, mikondo ndi agaru, mfumu irikudziwa, napha nyama yakudya mudzi. Mfuti inadza ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, ndipo nchito yace taiona ndi maso. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inaleka 1992, inataya mfuti zankhondo m'malire athu ano. Cipembere cinatha psiti m'dziko lonse lino, kufikira kuti caka ca 1993 anacita kukatenga ziwiri ku South Africa, nadza nazo ku Liwonde. Zina 17 zinatsata 2019. Mikango nayo inazimirira, naibwezera 2018. A bungwe la African Parks, amene analandira udindo wa nkhalangoyo 2015, azula m'menemo misampha ya waya yoposa 40,000. Tsono wakunena kuti munthu ali yense alowe ndi cida cace monga afuna sanena cinthu catsopano. Njira imeneyo tinaiyenda kale, ndipo inatifikitsa pa thengo lopanda nyama, lakuti tinapempha zirombo zathu kwa alendo.

Koma ife sitilirira nyama zokha. Taganizani mlonda wa nkhalango, nayenso mwana wa munthu, wakomana usiku ndi munthu wamfuti pakati pa mitsanya. Adzadziwa bwanji mtima wace? Kodi amfunse kalata mumdima, winayo cala ciri pamfuti? Lamulo likati, muno musalowe mfuti, licotsa cikaiko cimeneco, lisunga moyo wa onse awiri. Mkazi wamasiye salira mosiyana cifukwa mwamuna wace anali ndi kalata m'thumba.

Atsala mau amodzi, ndipo awa ngolemera, sitiwapeputsa. Abale athu a kufupi ndi mpanda, kuyambira ku Liwonde kumka ku Ulongwe, ndi a tsidya lija la Machinga, ati: "Njobvu siwerenga lamulo. Ife mutiletsa kulowa kwao, koma izo zilowa kwathu." Munda wa cimanga umene munthu anaulima miyezi inai utha usiku umodzi. Mvuu nazo zicita comweco m'madimba a m'mbali mwa Shire. Tiwayankha kuti kulondola njobvu ndi gogodera kufikira m'kati mwa nkhalango sikubweza cimanga, ndi kuti njobvu yolasidwa, yosafa, ndiyo imene idzaponda mkazi womuka kumadzi m'mawa mwace. Ndipo iye wodula waya wa mpanda kuti akapote misampha watsegulira njobvu njira ya kumunda wa mbale wace. Mafumu asambise wotere.

Pamenepo titembenukira kwa Boma. Inu munacotsa cida m'dzanja la mwini munda, ndipo munacita bwino; koma potero munasenza mangawa. Sitikana kuti zina zacitika. Mpanda wamagetsi unamangidwa. Njobvu zambiri anazisamutsira ku Nkhotakota 2016 ndi 2017, ndi zina 263 ku Kasungu 2022, ngakhale anthu a m'malire a Kasungu, ndi a ku Zambia omwe, anadandaula kuti tsoka langosamuka pokhala. Koma lamulo limene lidziwa kuwerenga zaka 30 za wakupha njobvu liri cete pa za kulipira munthu amene njobvu yamdyera munda, kapena yamphera mwana. Muyeso wotere uli wopendekeka, ndipo ndiwo upatsa mphamvu mau aja a pamowa. Munthu wanjala akaona kuti mnyanga uli ndi mtengo pabwalo la milandu, koma nkhokwe yace iribe, adzakumbukira kumene anakwirira mfuti ya atate wace.

Cifukwa cace tipempha aphungu a Balaka ndi Machinga anyamule mlandu umenewu kumka nao ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Ciletso ca mfuti asacikhudze. Koma alembemo malipiro a munda ndi a moyo. Anenetse kuti mpanda ukagwa aukonze msanga, ndi kuti mfumu ikatumiza mau akuti njobvu zatuluka, alonda afike usiku womwewo, asadze m'mawa kudzawerenga mapazi.