Tonse Tikutunga, Nanga Wokonza Mjigo Akudya Chiyani?

Pa 29 Malichi 2024, Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene amagwira ntchito pa PostgreSQL, anauza dziko zimene anatulukira. Kompyuta imene ankayesera ntchito yake inkachedwa ndi theka la sekondi akamalowa kudzera pa SSH, njira yolowera m'kompyuta munthu ali kutali. Ambiri tikanangoti ndi netiweki, n'kupitiriza zathu. Iye anakumba mpaka anapeza khomo lachinsinsi mu xz, library yopanikiza mafailo imene imapezeka pafupifupi mu Linux iliyonse. Khomolo linaikidwa dala mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1 kuti mwini kiyi azilowa m'maseva a eni ake osaodira. Mwayi wake, linali lisanafike m'ma Linux okhazikika amene mabanki ndi maboma amagwiritsa ntchito.

Kodi chitetezo cha makompyuta a dziko lonse n'choyenera kuchisiya m'manja mwa mwayi wotere?

Nanga khomolo linalowa bwanji? Kwa zaka zambiri xz ankaisamalira Lasse Collin wa ku Finland, pafupifupi yekha, osalandira malipiro. Mu 2022 ananena poyera kuti thanzi lake silili bwino ndipo mphamvu zamuchepera. M'malo momumvetsa, anthu ena a maina osadziwika ankangomukalipira kuti akuchedwetsa zinthu, apereke udindo kwa wina. Winayo anali kale pakhomo: munthu wodzitcha Jia Tan, amene kuyambira 2021 ankatumiza tizokonza tating'onoting'ono, mwaulemu ndi mwakhama. Anamukhulupirira, anamupatsa makiyi. Ndani angamuloze chala Collin? Munthu wotopa akapeza womuthandiza, amayamba wamufunsa chiphaso? Amene ayenera kuyankha ndi makampani olemera amene anaika xz m'katundu wawo n'kumagulitsa. Anali kuti pamene mwini ntchito ankadandaula? Ndi angati mwa iwo amene ankadziwa n'komwe dzina lake?

Wina asanene kuti sitinachenjezedwe. Mu Epulo 2014 kunatulukira Heartbleed, cholakwika mu OpenSSL, library yoteteza mauthenga pa intaneti, chimene chinkalola akuba kuwerenga mapasiwedi ndi makiyi achinsinsi m'maseva. Chinakhalamo zaka ziwiri osaoneka. Pamenepo m'pamene anthu anamva kuti zopereka zimene OpenSSL inkalandira zinali madola pafupifupi 2,000 pa chaka. Manyazi atawagwira, makampani anasonkha ndalama kudzera ku Linux Foundation. Patangotha zaka khumi, nkhani yomweyo inabweranso. Ndalamazo zinali zokonzera vuto kapena zotsekera pakamwa atolankhani?

Zili ngati mjigo wa pamudzi: aliyense amafika ndi ndowa, koma tsiku losonkha ndalama ya mmisiri, mudzi wonse uli kumunda.

Kunena zoona, kernel, mtima wa Linux, ili pabwinoko, chifukwa ambiri oilemba amalipidwa ndi makampani monga Intel, Google ndi Red Hat. Koma amawalipira kuti achite chiyani? Kulemba zatsopano kuti tchipi chatsopano chigulike kumakoma, kumatchukitsa. Kuwerenga mzere ndi mzere zimene ena alemba, kubwezera zokonza ku kernel yakale, kuyesa ngati sizinaononge china, imeneyo ndi ntchito yosaoneka, ndipo oigwira akhala akudandaula kuti yawalemera. Mu 2023 kunalengezedwa kuti ma kernel osamalidwa nthawi yaitali aziwasamalira zaka ziwiri m'malo mwa zisanu ndi chimodzi. Dirty COW, cholakwika chimene chinakonzedwa mu 2016, chinagona mu kernel zaka zisanu ndi zinayi. Ndi zingati zina zikugona pano, zikudikira munthu wokhala ndi nthawi yoziona?

Nkhaniyi si ya kutali ayi. Foni ya Android imene mayi wa ku Mchesi amalandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba imayendera kernel yomweyi. Cholakwika chikakonzedwa lero, chokonzacho chimayenera kudutsa kwa wopanga tchipi ndi kwa wopanga foni chisanamufike. Wopanga foni yotchipa akaleka kutumiza ma update, ndani amamufunsa? Wogulitsa amauza kasitomala kuti foniyi idzasiya liti kulandira zokonza? Ndipo ndalama ikadzabedwa kudzera pa bowo limene akatswiri anatseka kalekale, mayiyo akadandaule kwa yani?